Njerwa za ku Valby zinasamuka ndi macheka

Pa chilumba cha Amager, kummwera kwa mzinda wa Copenhagen, kuli dera latsopano lotchedwa Ørestad. Kumeneko kuli nyumba zogona 92, zina zamdadada zina zosanja, zomwe makoma ake akunja amaimitsa munthu wodutsa. Njerwa zake sizinayalidwe m'mizere yoyenda kuchokera pa ngodya kukafika pa ngodya ina monga tinazolowera. Khoma lonse ndi zigamba zikuluzikulu, chilichonse pafupifupi mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, china chofiira, china chachikasu, china chodera, ndipo m'zigamba zina mizere ya njerwa inaima chilili m'malo mogona. Zigambazo anazidula ndi macheka m'makoma a masukulu ndi mafakitale omwe ankayembekeza kugwetsedwa, ndipo zina zinachokera ku fakitale yakale ya mowa ya Carlsberg ku Valby. Nyumbazi zimatchedwa Ressourcerækkerne, mapulani ake anajambula ndi kampani ya katswiri Anders Lendager, ndipo zinatha kumangidwa cha m'ma 2019. Ambiri amazitama ngati nzeru yatsopano. Ine ndimaona macheka amenewo ngati mboni ya luso lomwe linatayika. Kwa zaka mazanamazana njerwa ya ku Denmark inkachoka m'khoma lakale n'kulowa m'khoma latsopano popanda wina kudabwa nazo, ndipo chomwe chinathetsa mwambowu ndi zimene amisiri anayamba kupaka pakati pa njerwa ndi njerwa inzake.

Kaphiri ka Valby kanalandira ntchito yofulula mowa mu 1847, pomwe J. C. Jacobsen anamanga fakitale kunja kwa mzinda womwe pa nthawiyo unali wothinana m'kati mwa malinga ake. Pamalopo panali madzi abwino, panali pokumba zipinda zozizira zapansi zosungiramo mowa kwa miyezi, ndipo njanji yopita ku Roskilde inatsegulidwa chaka chomwecho. Fakitaleyo anaitcha dzina la mwana wake Carl. Moto utaiwononga mu 1867, anaimanganso molimba ndi njerwa ndi zitsulo. Bambo ndi mwana atasemphana maganizo, Carl anaimika fakitale yakeyake pafupi pomwepo, Ny Carlsberg, ndipo ziwirizo zinadzaphatikizana mu 1906, bamboyo atamwalira kalekale. Carl ankakhulupirira kuti malo a ntchito nawo ayenera kukongola, n'chifukwa chake anasiya chumuni chopotoka chotalika mamita 56 cha mu 1900 ndi chipata cha mu 1901 chosenzedwa ndi njovu zinayi zosemedwa pa mwala wa ku Bornholm. Zimenezi ndi zomwe alendo amajambula. Koma mbali yaikulu ya kaphiriko inadzaza ndi nyumba zopanda mbiri yotchuka: mosungira balere, moumitsira chimera, makola a akavalo, mothirira mowa m'mabotolo, mokonzera makina. M'badwo uliwonse unkagwetsa zina n'kuwonjezera zina, mwakuti munthu woyenda m'tinjira ta m'fakitalemo ankadutsa makoma a zaka zosiyanasiyana atagundana mapewa.

Okalamba a ku Valby ndi ku Vesterbro, dera loyandikana nalo, akamakumbukira fakitaleyo amayamba ndi fungo. Chimera chikamaphikidwa, fungo lake lotsekemera linkatsika kaphiriko n'kulowa m'misewu ndi m'nyumba, ndipo ankadziwa komwe mphepo ikuchokera asanatuluke panja. Kenako amatchula phokoso: ziboda za akavalo ojintcha a mtundu wa ku Jutland okoka ngolo za mowa pa misewu ya miyala, ndi kugundana kwa mabotolo osaleka m'zipinda zothirira momwe munkagwira ntchito amayi ambiri. Kale kwambiri kunali amuna otembenuza balere womera ndi mafosholo a matabwa pa bwalo lam'nyumba kuti asatenthe n'kuwola, ndiponso amisiri okhoma migolo ya matabwa n'kuimata phula mkati kuti mowa usamve kukoma kwa mtengo. Ntchito zimenezi sizinafe tsiku limodzi. Makina anatenga yotembenuza balere, migolo yachitsulo inathetsa amisiri a migolo, malole analowa m'malo mwa akavalo kupatula ochepa osungidwa kuti azionetsedwa. Pakati pa maluso otayikawa pali lina lomwe anthu saliwerengera chifukwa silinali la mowa, ndilo luso la omwe anaumba makomawo ndi la omwe ankadziwa kuwamasula.

Njerwa inafika ku Denmark cha m'ma 1160, pomwe amonke ndi mafumu anayamba kumangira matchalitchi monga a ku Ringsted ndi ku Sorø. Dzikolo lilibe miyala yambiri yomangira koma lili ndi dongo lochuluka, ndipo mtundu wa njerwa umanena kuya komwe dongolo linakumbidwa. Dongo lapamwamba, lomwe mvula inalitsuka laimu, limapsa mofiira chifukwa cha chitsulo chomwe lili nacho. Dongo lapansi, lodzaza laimu, limapsa mwachikasu. Ntchito inkayenda ndi nyengo. Dongo ankalikumba chisanu chisanafike n'kulisiya panja kuti kuzizira kuliphwanye, ndipo kukafunda ankaliponda, kuliponya m'chikombole, kuyanika njerwazo m'zisakasa zazitali, n'kuziwotcha. Friedrich Hoffmann atabweretsa uvuni wozungulira mu 1858, moto unaleka kuzimitsidwa: unkayenda chipinda ndi chipinda mozungulira, kwinaku akulowetsa zaziwisi kwinaku akutulutsa zakupsa. Uvuni wotere womangidwa mu 1870 udakalipo ku Nivå, kumpoto kwa Copenhagen, ndipo m'mbali mwa nyanja ya Flensborg Fjord munali mauvuni ambirimbiri omwe njerwa zake zinkapita ku likulu pa zombo zamatanga. Mu uvuni umodzi njerwa sizinkapsa mofanana. Zoyandikira moto zinkatuluka zolimba ndi zodera, zakutali zofewa, ndipo mmisiri ankaziika zolimba kunja kwa khoma komwe kumamenya mvula, zofewa mkati. Ankazisiyanitsa pozigogoda ndi mpeni womangira: yakupsa bwino imalira mokweza, yosapsa kapena yang'alu imalira mogonthera.

Chomatira chake chinali laimu, ndipo apa ndi pomwe pali mutu wa nkhani yonse. Mwala wa laimu, monga wokumbidwa ku Faxe kummwera kwa chilumba cha Sjælland, ankauwotcha pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900. Wotuluka mu uvuniwo akamuthira madzi amawira ndi kutulutsa nthunzi, ndipo amatha kumuwotcha munthu wosasamala. Phala lakelo ankalisunga m'maenje pansi pa madzi kwa miyezi, nthawi zina zaka, chifukwa likamakhalitsa m'pamene limafewa ndi kumata bwino. Akasakaniza ndi mchenga n'kumangira, matope a laimu sauma tsiku lomwelo: amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya wa kaboni kuchokera mumlengalenga mpaka kubwerera kukhala mwala womwe anali poyamba. Ngakhale atalimba, amakhalabe ofewa kuposa njerwa. Maziko akatsika pang'ono, chomwe chimang'ambika ndi mzere wa matope, njerwa n'kukhala yathunthu, ndipo mzerewo umakonzeka. Khoma likamagwetsedwa, matopewo amayoyoka ndi nyundo yaing'ono. Aliyense amene anaonapo nyumba ya njerwa zowotcha yomangira dothi ikuphwasulidwa kumudzi kwathu kuno, njerwa zake n'kusanjidwa pambali kudikira nyumba ina, akudziwa kale mmene zinkakhalira ku Copenhagen kwa zaka pafupifupi 800.

Chifukwa cha zimenezi, kugumula nyumba inali ntchito yomasula. Ankayambira padenga kutsika, kuchotsa matailosi, mitanda, zitseko, mawindo ndi matabwa apansi, kenako khoma mzere ndi mzere. Pansi pankakhala anthu opala njerwa, ntchito yafumbi ndi yamalipiro ochepa, ndipo phindu la wogumula linkachokera kwambiri pa zomwe wapulumutsa n'kugulitsa. Mzinda womwe unapsa mu 1728 ndi mu 1795, n'kuphulitsidwa ndi mizinga ya Angerezi mu 1807, sukanatha kutaya njerwa zake. Sindikufuna kukometsa nthawi imeneyo mopitirira. Anthu sankapala njerwa chifukwa chokonda chilengedwe, ankapala chifukwa njerwa inali yodula ndipo dzanja la munthu linali lotchipa. Koma kutchipa kwa dzanja sikukanathandiza kanthu laimu akanakhala wokana kumasuka.

Simenti inalowa mwakachetechete. Joseph Aspdin analembetsa luso lake ku England mu 1824, fakitale ya Aalborg Portland inakhazikitsidwa mu 1889, ndipo kwa nthawi yaitali amisiri ankangothira pang'ono m'matope a laimu pomwe pafunika mphamvu. Kusintha kwenikweni kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nyumba zogona zitasowa. Mu 1960 boma la Denmark linatulutsa chikalata cholimbikitsa kumanga ndi zipupa za konkire zoumbiratu ku fakitale, ndipo omanga ndi njerwa anayenera kuthamanga kuti asatsalire. Simenti imagwira m'masiku ochepa, imalola kumanga ngakhale nyengo yayamba kuzizira, ndipo siifuna dzenje lodikira zaka. Palibe mmisiri wanzeru amene akanaikana. Mtengo wake unabisika mpaka makoma a nthawi imeneyo atayamba kugwetsedwa: matope a simenti nthawi zambiri ndi olimba kuposa njerwa yomwe aigwira, choncho ukamenya kuti ulekanitse, chomwe chimasweka ndi njerwayo. Nthawi yomweyo malipiro anakwera, makina ogumulira anafika, ndipo opala njerwa anatha. Zogumuka anayamba kuzipera n'kuzithira pansi pa misewu. M'mabuku zimenezi zimalembedwa kuti zagwiritsidwanso ntchito, ndipo ziwerengero za dzikolo zimaoneka zokongola, koma njerwa yomwe inawotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,000 yasanduka miyala yodzazira dzenje.

Kumapeto kwa 2008 Carlsberg inasamutsira ntchito yaikulu yofulula ku Fredericia, ku Jutland, ndipo malo oposa mahekitala 30 a ku Valby anatsegukira anthu ngati dera latsopano la Carlsberg Byen, motsatira pulani ya kampani ya Entasis yomwe inapambana mpikisano mu 2007. Dzina la Carlsberg si lachilendo kwathu: fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo zaka zimenezo ndi zomwe ku Valby ankamanga nyumba zikuluzikulu zosungiramo mowa za m'nyengo ya simenti. Imodzi mwa izo, yodziwika ndi zimbale zagolide pakhoma lake, inapulumuka n'kukhala mbali ya Hotel Ottilia yomwe inatsegulidwa mu 2019. Njovu, chumuni ndi nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo nazo zilipo. Koma nyumba zambiri zantchito zinayenera kuchoka kuti pamangidwe nsanjika zazitali, sukulu ndi maofesi.

Masiku ano njerwa yakale ili ndi njira ziwiri, ndipo chosankha njirayo ndi matope ake. Ya m'khoma la laimu imatha kupita ku kampani ngati Gamle Mursten ya ku Svendborg, yomwe inayamba mu 2003: makina amagwedeza njerwazo mpaka matope ayoyoke, osathira madzi kapena mankhwala, anthu n'kuzisankha ndi maso ndi manja. Eni ake amati njerwa imodzi yopulumutsidwa imapewetsa pafupifupi theka la kilogalamu ya mpweya wa kaboni. Ya m'khoma la simenti ilibe mwayi umenewo, ndipo nzeru ya Lendager inali yoleka kulimbana ndi matopewo: ngati njerwa yakana kusiyana ndi inzake, zichoke pamodzi. Anadula khoma m'zigamba, kuzitsitsa, kuzisanja pa malole, kuzilimbitsa kumbuyo ndi konkire ndi zitsulo, n'kuzipachika kunja kwa nyumba zatsopano. Matabwa ena m'nyumbazo ndi otsala pa ntchito yomanga njanji yapansi ya mzindawo, tinyumba tolimamo masamba tapadenga n'ta magalasi ndi mawindo akale, ndipo mlatho wodutsa pamwamba pa bwalo ndi mtanda wa konkire wochokera m'fakitale ina. Zonsezi zili pa nthaka yomwe nayo ndi yatsopano, chifukwa chigawo chimenechi cha Amager anachiphwetsa kuchokera m'nyanja m'zaka za nkhondo yachiwiri, ndipo kwa nthawi yaitali chinali bwalo lophunzirira kuwombera la asilikali.

Otsutsa alipo, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yolemera: nyumba yomwe yapulumutsa zinthu zambiri ndi yomwe sinagwetsedwe. Kudula zigamba m'fakitale n'kugumula zotsalazo kungakhale njira yotonthozera chikumbumtima cha amene asankha kale kugwetsa. Ndikuvomereza, ndipo pomwe nyumba ingasandulike hotela kapena sukulu, macheka asayandikire. Koma si nyumba yantchito iliyonse yomwe munthu angagonemo. Mosungira mowa ankamanga dala mopanda mawindo, mozama ndi mozizira, ndipo zina zili ndi asibesitosi kapena mankhwala a PCB m'zomatira za m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1977. Zoterezi zikagamulidwa kuti zigwe, funso lotsala ndi lakuti khoma lake lipite pansi pa msewu kapena pa nyumba ya munthu. Mfundo yachiwiri ndi yakuti phindu lake n'lochepa kuposa mmene limaonekera, poti zigambazo ndi chovala chabe, chosenza nyumbayo ndi konkire yatsopano, ndipo kumbuyo kwa chigamba chilichonse kuli simenti ina. Apa otsutsa akunena zoona kuposa mmene otama nyumbazi amafunira kumva. Njerwa yopalidwa ya m'khoma la laimu imabwerera yokha, yokonzeka kulowa m'khoma lililonse. Chigamba chimafuna macheka, makina onyamulira ndi chomangirira, ndipo chikamatidwa ku konkire sichidzakhalanso njerwa zosiyana. Mfundoyi siigwetsa ntchito ya ku Ørestad. Imangoonetsa kukula kwa ngongole yomwe makoma a simenti anatisiyira.

Ena amati zonsezi ndi zokongoletsera za anthu olemera, ogula nkhani ya Carlsberg pamodzi ndi nyumba. Nkhaniyo imagulitsadi, koma sindiona cholakwika ngati chikoka cha dzina ndi chomwe chalipira amisiri ophunzira kudula khoma osaliswa. Chodetsa nkhawa n'chakuti njerwa ya m'fakitale yopanda dzina lotchuka ndi yolimba chimodzimodzi, ndipo malonda odalira mbiri adzaisiya ipite kokapera. Nkhani ya kukwera mtengo nayo ili ndi mbali ziwiri. Kupala kapena kudula kumafuna manja, pomwe fakitale ya njerwa zatsopano imafuna gasi ndi anthu ochepa. M'dziko lomwe malipiro ndi okwera, yakale imapezeka yodula. Palinso vuto la nthawi, chifukwa wogumula amafuna malo ayere sabata ino pomwe womanga adzafuna njerwazo chaka chamawa, ndipo wina ayenera kulipira bwalo losungira. Pa za kulimba, mantha ndi oyenera: njerwa yofewa yomwe inakhala zaka 100 mkati mwa khoma ikaikidwa kunja, madzi amalowa, amaundana m'nyengo yachisanu, n'kuisuwa nkhope. Yankho lake ndi lomwe mmisiri wakale ankalidziwa ndi khutu, kusankha, ndipo lero kumatsimikizidwa ndi kuyeza m'labotale kuti womanga ndi kampani ya inshuwalansi akhale ndi chikalata chogwira.

Ngati zili choncho, maso ayenera kuchoka pa makoma akale n'kupita pa omwe akumangidwa lero. Wotsutsa adzati laimu ndi wochedwa, amaopa chisanu asanalimbe, ndipo sangasenze nsanjika yaitali. Koma m'nyumba zambiri zatsopano za ku Denmark njerwa sizisenzanso denga kapena zipinda zapamwamba. Ndi khoma lopyapyala lakunja, lokhuthala mamilimita 108 okha monga m'lifupi mwa njerwa imodzi, lomangiriridwa ndi timawaya ku chipupa chamkati, ndipo ntchito yake ndi kutchinga mvula ndi mphepo. Khoma lotere nthawi zambiri silifuna matope olimba kuposa njerwa, ndipo alipo matope a laimu ogwira msanga kuposa a m'maenje akale aja. Simenti imakhalabe chifukwa ndi yomwe yazoloweredwa, ili m'matumba okonzeka, ndipo womanga sadzakhalapo tsiku logumula.

Lamulo layamba kusuntha, ngakhale mwendo umodzi. Kuyambira mu 2023 nyumba zatsopano ku Denmark ziyenera kuwerengetsa mpweya woipa womwe zimatulutsa pa zaka 50, ndipo chaka chimenecho zazikulu kuposa masikweya mita 1,000 zinaikiridwa malire omwe pa nthawiyo anali makilogalamu 12 pa sikweya mita pa chaka. Kuyambira mu 2024 zipangizo zogwiritsidwanso ntchito zimawerengedwa ngati zosatulutsa kanthu, zomwe zakweza mtengo wa khoma lakale m'maso mwa omanga. Komabe phindu lomwe zipangizo zingadzabweretse nyumbayo ikadzaphwasulidwa limalembedwa padera ndipo sililowa m'chiwerengero chomwe chimayerekezedwa ndi malirewo, ndipo zaka 50 n'zochepa kwa njerwa poti za ku Ringsted zapitirira 800. Choncho womanga amene watenga njerwa za m'fakitale yakale amapindula pa pepala, koma amene wasankha laimu kuti njerwa zake zidzamasuke bwino sapezapo chilichonse pa kusankha kumeneko kupatula masiku owonjezera odikira kuti khoma ligwire.